Chisomo Sichiyesedwa pa Sikelo

Pali malonda ena amene eni ake salipira chiphaso cha pamsika, sapereka lisiti kwa wogula, ndipo katundu wawo akapanda kugwira ntchito wolakwa amakhala wogula yemweyo. Malonda amenewa ndi ogulitsa dzina la Mulungu. Tikunena za alaliki amene aika mtengo pa pemphero, pa machiritso, pa madalitso, ngakhale pa mwai wongoonana nawo maso ndi maso. Nkhani imeneyi tiyenera kuikamba mosapsatira mau, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi, ndiponso amene akudyeredwa masuku pamutu si anthu akutali ayi. Ndi amayi athu, alongo athu, ndi ena mwa ife tomwe amene timavala tayi ndi kukhala m'maofesi.

Tiyambe tafunsa chimene Chikhristu chili pa tsinde pake. Mipingo imasiyana pa zambiri: pa ubatizo, pa tsiku lopembedza, pa kayendetsedwe ka mpingo. Koma Mkatolika, wa CCAP, wa Anglican, wa Seventh Day ndi wa Pentekoste onse amavomerezana pa mfundo imodzi, yakuti Mulungu amamdziwa munthu aliyense payekha, ndi kuti munthuyo angathe kulankhula naye monga mwana alankhula ndi atate ake. Pemphero limene Yesu anaphunzitsa ophunzira ake limayamba ndi kutchula Mulungu kuti ndi Atate, ndipo m'chaputala chomwecho cha Mateyu 6 iye analangiza kuti malo oyenera pemphero ndi kuseri, kumene kulibe wokuonera kapena wokuombera m'manja. Tsono pakati pa mwana ndi kholo lake sipakhala mlonda wodulitsa tikiti. Ndani mwa ife amalipira munthu wina kuti akamnenere kwa bambo ake omubala kuti ali ndi njala? Mwana akayamba kulipira kuti aone nkhope ya bambo ake, dziwani kuti pakhomopo pafika munthu wachilendo amene wadziika pakati, ndipo munthu ameneyo sanadzere ubwino wa mwanayo.

Chilakolako chosandutsa mphatso ya Mulungu kukhala malonda ndi chakalekale. Buku lachiwiri la Mafumu, chaputala 5, limasimba za Namani, mkulu wa asilikali wa ku Siriya, amene anachira khate lake napereka chuma chambiri kwa mneneri Elisa. Elisa anakana kulandira kanthu. Koma wantchito wake, Gehazi, anamthamangira mlendoyo kunjira, nanama m'dzina la mbuye wake, nalandira siliva ndi zovala, ndipo chimene anakolola ndi khate lomwe lija. Buku la Machitidwe, chaputala 8, limasimba za Simoni wa ku Samariya amene anatulutsa ndalama kuti agule mphamvu ya atumwi, ndipo Petro anamdzudzula mwaukali. Kuchokera pa dzina la munthu ameneyu, mpingo wakhala ukutchula tchimo logula ndi kugulitsa zinthu zopatulika kwa zaka mazana ambiri. Ndipo tonse tikudziwa kuti Yesu, amene ankadya ndi okhometsa msonkho ndi anthu ena onyozeka, anapota chikwapu cha zingwe chifukwa cha anthu amene anasandutsa bwalo la Kachisi kukhala msika.

M'chaka cha 1517 wansembe wina dzina lake Johann Tetzel ankayendayenda m'mizinda ya ku Germany kugulitsa zikalata zimene anthu ankakhulupirira kuti zichepetsa chilango cha machimo awo ndi cha abale awo amene anamwalira. Gawo lina la ndalamazo linkapita ku Rome kukamangira tchalitchi cha Petro Woyera, ndipo gawo lina linkabweza ngongole imene Albrecht, bishopu wamkulu wa ku Mainz, anakongola kwa eni banki a banja la Fugger. Mlimi wosauka ankaganiza kuti akuombola amayi ake, chonsecho akubweza ngongole ya munthu wamkulu. Izi ndizo zinachititsa Martin Luther kulemba mfundo zake 95 mu October chaka chomwecho. Mpingo wa Katolika nawonso unauona mlanduwu: msonkhano waukulu wa ku Trent unadzudzula phindu loipa lotere mu 1563, ndipo mu 1567 Papa Pius V analetseratu kuphatikiza ndalama pa zikalata zimenezi. Motero Akatolika ndi Apulotesitanti onse anaitseka nkhaniyi zaka zoposa 400 zapitazo. Chodabwitsa ndi chakuti malonda amene makolo a mipingo yonse anawakana abweranso m'nthawi yathu, atangosintha malaya.

Malaya atsopanowa anasokedwa ku America, pamene wailesi ndi kanema zinapatsa mlaliki mmodzi mwai wolowa m'nyumba za anthu mamiliyoni. Oral Roberts wa ku Tulsa, m'chigawo cha Oklahoma, ndiye anatchukitsa chiphunzitso chakuti ndalama yoperekedwa kwa mlaliki ndi mbeu, ndipo Mulungu adzaibweza itachuluka. Mu January 1987 iye anauza anthu omuonera pa kanema kuti akapanda kupeza madola 8 miliyoni pofika kumapeto kwa March, Mulungu amtenga. Anthu anachita mantha natumiza ndalama, ndipo munthu wina wa ku Florida, mwini bwalo la mpikisano wa agalu kumene anthu amachita juga, anapereka madola oposa miliyoni imodzi. Ndalama zinakwana. Koma chipatala chachikulu chimene Roberts anamanga, chotchedwa City of Faith, chinatsekedwa mu 1989, pamene iye mwini anakhala ndi moyo mpaka 2009. Taonani m'mene Mulungu anasandutsidwira m'nkhani imeneyi: sanalinso Atate, koma wachifwamba wogwira munthu ndi kufuna dipo.

Jim Bakker, mwini pologalamu ya PTL, anamanga malo achisangalalo otchedwa Heritage USA ku South Carolina. Iye ankauza Akhristu kuti aliyense wopereka madola 1,000 adzakhala ndi ufulu wogona masiku atatu chaka chilichonse m'hotela ya pamalopo kwa moyo wake wonse. Malonjezo amene anagulitsa anachuluka kutalitali kuposa zipinda zimene zinalipo. Mu 1989 khoti linampeza wolakwa pa milandu 24 yachinyengo ndi kumlamula kukhala m'ndende zaka 45, ngakhale kuti chilangocho chinachepetsedwa ndipo anatuluka mu 1994. Atatuluka analemba buku lovomereza kuti chiphunzitso chake chachuma chinali cholakwa. Koma galu sataya msanga njira ya kumene anatolako fupa: mu 2020, pamene mliri wa Covid-19 unafika, Bakker anayamba kutsatsa pa kanema madzi ena ake a siliva ngati mankhwala, boma la Missouri linamsumira, ndipo mu 2021 anavomera kubweza madola 156,000.

Winanso ndi Peter Popoff, amene pa misonkhano yake ankatchula maina a anthu, matenda awo ndi kumene amakhala, nanena kuti Mulungu ndiye akumuuza. Mu 1986 James Randi ndi anzake anatchera makina awo namva mau amene ankalowa m'kachipangizo kobisika m'khutu la mlalikiyo. Mauwo sanali ochokera kumwamba. Anali a mkazi wake, amene ankawerenga timapepala tomwe anthu analembapo zopempha zawo polowa. Chaka chotsatira malonda a Popoff anagwa. Koma patapita zaka anabwereranso pa kanema, akutsatsa madzi a zozizwitsa m'timapaketi. Phunziro lake ndi lakuti malonda amenewa safa ndi manyazi, chifukwa anthu ovutika amabadwa tsiku ndi tsiku.

Mphepo imeneyi inaoloka nyanja. Ku Nairobi mu 2014 atolankhani a kanema ya KTN anaonetsa m'mene mlaliki wina, Victor Kanyari, ankauzira anthu kutumiza mbeu ya mashilingi 310 pa lamya, ndi m'mene mankhwala ofiiritsa madzi ankagwiritsidwira ntchito kuti anthu aganize kuti magazi a matenda akutuluka m'mapazi mwawo. Ku South Africa mu 2014 anthu anaona zithunzi za Akhristu akudya udzu molamulidwa ndi m'busa wawo, ndipo mu 2016 Lethebo Rabalago wa ku Limpopo anapopera Doom, mankhwala ophera tizilombo, kumaso kwa anthu ake. Khoti linampeza wolakwa mu 2018. Zinthu zinafika poti bungwe la boma loteteza ufulu wa zipembedzo, la CRL, linachita kafukufuku ndi kutulutsa lipoti mu 2017 lonena za kusandutsa chipembedzo kukhala malonda. Ndipo tisanamizane kuti kwathu kuno tapulumuka. Ndani sanamvepo za mafuta odzozedwa, madzi a m'botolo, zomata pa galimoto zokhala ndi nkhope ya mneneri, ndi mtengo wapadera kwa wofuna kumuona payekha? Ndani sanamvepo nambala ya lamya yotumizira ndalama ikubwerezedwa kawirikawiri kuposa dzina la Yesu?

Tiyeni tione bwino m'mene msampha umenewu umagwirira. Poyamba, wogulitsayo sangaluze. Wodwala akachira, ulemu ndi wa mneneri. Akapanda kuchira, amauzidwa kuti chikhulupiriro chake chinali chochepa, kapena kuti mbeu yake inali yaing'ono, ndipo njira yokha ndi kuperekanso. Wogulitsa feteleza wabodza timamgwira mbeu zikachita chikasu m'munda, koma wogulitsa madalitso amatembenuza mlandu nauika pamutu pa wogula. Mayi amene mwana wake wamwalira amabwerera kunyumba ndi zinthu zitatu: chisoni, ngongole, ndi maganizo akuti iye ndiye wapha mwana chifukwa chopereka pang'ono. Nkhanza yoposa imeneyi ndi yosowa.

Chachiwiri, chiphunzitso chimenechi chimasandutsa Mulungu kukhala wangongole wa munthu. Wopereka sakuthokoza, akukongoza, ndipo akuyembekeza chiongoladzanja choposa cha katapila. Ubale ukafika pamenepo watha. Mwamuna amene amawerengera mkazi wake ndiwo iliyonse kuti adzambwezere sitinena kuti ali pa banja. Nanga amene alibe kanthu kopereka? M'sitolo imeneyi wolemera amakhala mpando wakutsogolo, wosauka amaimirira kunja. Chonsecho pa Marko 12 amene Yesu anamuyamikira ndi mkazi wamasiye amene anaponya timakobiri tiwiri, ndipo nkhaniyo sinena kuti mawa lake anapeza chuma pakhomo. Zakeyu naye sanalipire kuti Yesu alowe m'nyumba mwake. Yesu anayamba walowa, kenaka mtima wa Zakeyu unasintha, ndipo chuma chake chinapita kwa osauka ndi kwa anthu amene anawabera. Alaliki amalonda anatembenuza ndondomeko imeneyi: kulipira kumayamba, ndipo ndalama zimathera m'thumba la mlaliki.

Chachitatu, ndipo ichi ndicho choopsa koposa, munthu amaleka kudalira Mulungu nayamba kudalira munthu mnzake. Saopanso tchimo, amaopa kukwiyitsa "bambo" wake wauzimu. Sawerenganso Baibulo lake, amadikira kuuzidwa maloto. Sangapemphere yekha pa mphasa yake usiku mwana akatentha thupi, koma amathamangira botolo, ndipo nthawi zina amasiya ndi mankhwala a kuchipatala omwe. Munthu wotere walandidwa chinthu chimene chinali chake chaulere, nagulitsidwanso chomwecho pa mtengo. Wopusa anaomba ng'oma, wochenjera navina.

Inu amene mumagwira ntchito za boma, ndi inu amene anthu amakuonerani m'madera mwanu, musaganize kuti nkhani imeneyi ndi ya anthu osaphunzira okha. Amene ali ndi malipiro a pamwezi ndiye nyama yonona ya malonda awa. Kalaliki amene wauzidwa kuti kukwezedwa pa ntchito kudzabwera ndi mbeu, osati ndi khama ndi kukhulupirika, wawonongedwa kawiri: wataya ndalama za fizi ya ana ake, ndipo wataya chikhulupiriro chakuti ntchito yabwino ili ndi mphotho. Tsiku lina malipiro akapanda kukwana, dzanja lake lidzalowa m'thumba la boma, ndipo adzadzitonthoza kuti chakhumi cha zobedwazo wachipereka ku guwa. Mlaliki amene amalandira envulopu yonenepa kuchokera kwa munthu wa malipiro ochepa, osafunsa kumene zachokera, ndi mnzake wa wakubayo. Mankhwala osowa m'chipatala ndi mabuku osowa m'sukulu sayeretsedwa ndi mafuta a m'botolo.

Ena adzatiyankha kuti mlaliki naye amadya, ndipo tchalitchi sichimangidwa ndi mapemphero okha. Zimenezo ndi zoona, ndipo palibe amene akufuna kuti abusa athu aziyenda ndi zigamba. Paulo mwini anaphunzitsa pa 1 Akorinto 9 kuti wolalikira ali ndi ufulu wothandizidwa ndi mpingo, ngakhale kuti iye ku Korinto anasankha kusoka mahema ndi manja ake. Koma pali kusiyana kwakukulu pakati pa chopereka ndi mtengo. Chopereka chimachoka kwa munthu amene walandira kale, chimawerengedwa ndi anthu angapo, chimalembedwa m'buku, ndipo mpingo umauzidwa m'mene chagwirira ntchito. Mtengo umatchulidwa ndi wogulitsa, umalipiridwa munthu asanalandire kanthu, ndipo umathera kumene palibe wofunsa. Billy Graham, amene analalikira kwa anthu ochuluka kuposa alaliki onse tawatchulawa, anagwirizana ndi anzake ku Modesto mu 1948 kuti asamakakamize anthu pa nkhani ya ndalama, ndipo pambuyo pake anasankha kulandira malipiro oikika m'malo mwa zopereka za pa misonkhano. Kotero kulalikira kwa makamu a anthu popanda kuwakama ndi kotheka.

Enanso adzati ife ndife adani a Mzimu, ndipo tisakhudze odzozedwa a Mulungu. Koma amene akutsutsa malonda awa si anthu osapembedza ayi. Mu 2010 atsogoleri a mipingo ya chievangeliko okwana pafupifupi 4,000, ochokera m'maiko pafupifupi 200, anasonkhana ku Cape Town, ndipo chikalata chimene chinatuluka pa msonkhanowo chinakana chiphunzitso cha chuma chimenechi kuti si Uthenga woona. Mu 2019 Benny Hinn, mmodzi mwa alaliki otchuka kwambiri a chiphunzitsochi, ananena poyera kuti kuika mtengo pa Uthenga Wabwino ndi kulakwira Mulungu. Ngati eni malonda akuvomereza okha kuti katunduyo ndi wovunda, ife tikumutetezeranji?

Palinso ofunsa ngati boma siliyenera kungotseka mipingo yotereyi. Ku Rwanda mu 2018 boma linatseka nyumba zopempherera mazanamazana mu mzinda wa Kigali, ndipo linakhazikitsa lamulo lakuti wotsogolera mpingo akhale ndi maphunziro a zaumulungu. Njira imeneyo ili ndi zoopsa zake, pakuti ufulu wa kupembedza ndi wa mtengo wapatali, ndipo si ntchito ya kalaliki wa boma kuyesa kuti pemphero loona ndi liti. Koma chinyengo ndi chinyengo, kaya chachitikira pamsika kaya pa guwa. Wolandira ndalama mwa bodza, wogulitsa madzi ngati mankhwala, wouza wodwala kutaya mankhwala a dokotala, wovulaza munthu m'dzina la machiritso, onsewa malamulo alipo kale owagwira, ndipo kolala ya m'khosi isakhale chishango. Wapolisi kapena woweruza amene amanjenjemera chifukwa woimbidwa mlandu akudzitcha mneneri wataya lumbiro lake.

Tikayang'ana m'mbuyo tiona kuti Uthenga sunafike kwathu kuno ngati malonda a phindu la msanga. A mishoni ya Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875, ndipo munthu woyamba kubatizidwa, Albert Namalambe, anabatizidwa mu 1881. Wamalonda aliyense akanatseka sitolo yotere chaka choyamba. William Koyi, Mxhosa wochokera ku Lovedale, anabwera mu 1876, nakhala pakati pa Angoni, naphunzira kukhala nawo monga mbale, namwalira komweko mu 1886 wopanda chuma chilichonse. A mishoni anali ndi zolakwa zawo, ndipo mbiri sinazibise, koma kumene anapita anasiyako sukulu, chipatala ndi Baibulo la m'chinenero cha anthu, kuti munthu awerenge yekha popanda womuwerengera. Buku Lopatulika litatuluka mu 1922, mlimi wa ku Dowa anatha kudzimvera yekha mau a Mulungu wake. John Chilembwe naye atakhazikitsa mishoni yake ku Mbombwe mu 1900 anatsegula sukulu ndi kuphunzitsa anthu kudzilemekeza. Tifunse tsono: mneneri wamakono amene ali ndi galimoto zisanu wasiya chiyani m'mudzi umene anakasonkhako ndalama?

Chikhristu chenicheni chikadalipo pakati pathu, koma sichiimba lipenga. Chili mwa amayi a Mvano, a Chigwirizano ndi a Umanyano amene amaphika pa maliro ndi kuyendera odwala popanda wowalipira. Chili m'miphakati kumene mabanja ochepa amasonkhana pakhonde kuwerenga ndi kupemphera pamodzi. Chili mwa m'busa wa kumudzi amene amapalasa njinga mtunda wautali kukaona nkhalamba imene sidzampatsa ngakhale nkhuku. Chili mwa alaliki ambiri a mipingo ya Pentekoste amene amapempherera anthu usiku wonse osatchula ndalama, amene dzina lawo likudetsedwa ndi anzawo adyera. Anthu amenewa amadziwa nkhosa zawo ndi maina, osati chifukwa cha kachipangizo ka m'khutu, koma chifukwa amakhala nazo pa chimwemwe ndi pa chisoni.

Choncho muyeso wake ndi wapafupi, ndipo aliyense angathe kuugwiritsa ntchito Lamulungu likudzali. Kodi munthu wopanda ngakhale tambala amalandiridwa chimodzimodzi ndi wobwera pa galimoto? Kodi mabuku a ndalama amawerengedwa pamaso pa mpingo, ndipo wofunsa funso amayankhidwa kapena amatembereredwa? Kodi mukatuluka m'menemo mumatha kupemphera nokha molimba mtima kuposa kale, kapena mumamva kuti popanda mlalikiyo ndinu wamasiye? Mlaliki woona amakulozerani kwa Atate wanu, kenaka amapatuka panjira. Wamalonda amaima pakhomo ndi sikelo yake. Mukampeza wotere, musakangane naye. Tengani ndalama zanu mukagulire ana chakudya, mukalipire ngongole zanu, mukathandize mnansi wodwala, ndipo chopereka chanu mukachipereke kumene chimawerengedwa poyera. Sitolo yopanda ogula imadzitsekera yokha.